Dzanja Lotuluka M'galasi

Tcha. Kaphokoso kake kanali kakang'ono choncho, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Kankamveka mnzanga akatsegula kagemu kake, kamene kanali kopinda pakati ngati kabuku ka nyimbo za kutchalitchi. Akakatambasula mpaka kumapeto kankati tcha, galasi lake n'kuyaka, ndipo tonse amene tinali pakhonde la nyumba ya aphunzitsi tinkasendera pafupi mpaka mitu kugundana. Mpaka lero, chivindikiro cha chinthu chilichonse chikalira motero, ndimamva kuzizira kwa simenti ya khonde lija m'mawondo mwanga.

Mnzangayo anali mwana wa aphunzitsi athu a Sitandade 6, ndipo mayi ake anali namwino pa kachipatala ka mishoni. Kagemuko anamubweretsera amalume ake ogwira ntchito ku Joni, atabwera kudzadya Khirisimasi. Mafoni a magemu tinali titawaonapo kale kwathu ku Nkhamanga, koma aka kanali kena. M'mbali mwa galasi munali kabatani kotsetsereka. Ukakakankhira m'mwamba, zithunzi zinkatuluka m'galasimo n'kubwera kumaso kwako, zina n'kulowa mkati kutali ngati ukusuzumira m'chitsime. Aphunzitsi anatiuza kuti m'mizinda ikuluikulu anthu amavala magalasi apadera kuti aone kanema wotere, koma aka sikankalira magalasi. Kankangofuna maso ako, ndi kukagwira molunjika pamphuno.

Ndikunena zimene anzanga ankanena. Ine sindinazionepo.

"Aise, taona nsombayo! Ikuluma mphuno!" ankakuwa mnzangayo. Kamtsikana kena kanayesa kutsina nsomba m'malere, tonse n'kufa nazo nseko. Nthawi yanga itakwana ndinakagwira monga anandiuzira, n'kukankha kabatani kaja. Chithunzi chinangosendera pambali pang'ono, ngati mpando umene munthu waugunda ndi mwendo, n'kuima.

"Waona?"

"Eya, ndaona nsomba."

Sindinkanama. Nsomba inalipo, yokongola, yamizeremizere, ili phee m'galasi mwake ngati za pakalendala. Poyamba ndinkaganiza kuti anzangawo akungokokomeza, monga ankachitira pofotokoza kutalika kwa njoka imene akumana nayo kudambo. Koma ine ndinali mwana wosayankhulayankhula, wokonda kuyang'ana nkhope za anthu, ndipo ndinaona kuti nsomba ikatembenuka, onse amene anali kutsogolo kwa galasi ankaphethira ndi kubweza mutu nthawi imodzi, ngakhale aja osagwirizana pa chilichonse. Bodza silipanganika bwino chotero. Ndinayamba kudziwa kuti pali chimene iwo akuona, koma sindinafunse aliyense.

Panali ubwino umodzi. Anzanga akasewera nthawi yaitali ankatikita maso, ena misozi kulengeza, ena kudandaula mutu. Ine ayi. "Uyu mutu wake ndi wamwala," ankatero mnzangayo monyadira, n'kundipatsa kagemuko kuti ndimudutsire malo ovuta.

Ndinkakhala ndi agogo, mayi a mayi anga. Makolo anga anamwalira ndisanasunge nkhope zawo m'mutu. Maliro a mayi atatha, abambo aang'ono a ku Mzuzu anafuna kunditenga, koma agogo anakana, ndipo nkhani ya kukana kwawoko ankaikamba kawirikawiri kwa aliyense amene waima pabenchi pawo. "Ndinawauza kuti mwanayu ndimuyang'anira ndekha. Kutauniko angatsokomole mlungu wathunthu osamumva. Ine akangoyetsemula ndadziwa kale." Ankanena m'Chitumbuka, akundiloza ndi chibwano, ndipo ine ndinkayang'ana pansi. Chinthu chokhacho chimene agogo ankadzitama nacho chinali chimenecho: kuti pa thupi langa panalibe chobisika kwa iwo.

Benchi lawolo linali m'mbali mwa msewu, pamene mapikapu opita ku Katowo ankatisiyira fumbi. Ankagulitsa mchere, tomato, usipa, ndi mafuta ophikira othira m'timabotolo. Mafutawo ankagula m'chigubu chachikulu, ndipo kuwathira m'timabotolo timeneti inali ntchito ya m'mawa uliwonse. Agogo ankathira ali chiimire, mafuta akutsika mopyapyala ngati ulusi n'kulowa pakamwa pa kabotolo osakhudza m'mbali. Ankatha kutero akucheza ndi munthu. Ine ndikathira, mafuta ankagwera kutsogolo kwa kamwa la botolo kapena kumbuyo kwake, n'kuyenderera pa zala zanga.

"Maso uli nawo awiri ngati ine. Ukuyang'ana kuti?"

Mawu amenewa ndinawamva kuyambira ndili wamng'ono. Sankandimenya. Ankangoika mbale pansi pa botolo, n'kumakokolola otayikawo ndi chala, akupukusa mutu. Tsiku lina ndinaona bambo wina pasitolo ku Bolero akuthira mafuta kudzera m'khosi la botolo lapulasitiki lodula pakati, ndipo nditafika kunyumba ndinawauza agogo kuti nafenso tipange chotero.

"Nanga otsalira m'mbalimo anyambita ndani? Zimenezo n'za aulesi. Phunzira kuyang'ana."

Sanali mafuta okha. Pampira sankandiika pagolo chifukwa mpira unkandipeza kumaso manja ali m'malere. Tikapita kukathandiza aneba kusoka fodya m'chigafa, chingwe chinkandivuta kulowetsa pasingano ngakhale bowo lake linali lalikulu. Anthu ankangoti mwana wa agogo uja maganizo ake amakhala kutali, ndipo inenso ndinkakhulupirira choncho.

Kagemu kaja kanalinso ndi timaso tiwiri kumsana, tojambulira zithunzi. Loweruka lina mnzanga anafika nako pabenchi, n'kujambula agogo akupereka kabotolo ka mafuta kwa wogula, dzanja atalitambasula.

"Chotsa chinthu chakocho, ndili pa ntchito," anatero agogo. Chithunzicho sanafune n'kuchiona komwe.

Mvula ili pakati, mbiri ya kagemuko inayamba kuipa. Mwana wina wa m'mudzi mwathu anasewera masana onse, n'kukasanza atafika kwawo. Kumjigo azimayi anayamba kunena kuti kachinthu ka ku Joni kamakoka maso a ana, ndipo tsiku lina kadzawasiya atapotoka. Aphunzitsi anatulutsa kapepala kamene kanabwera m'bokosi mwake, n'kutiwerengera akumasulira: ana aang'ono kwambiri asamaonere kabatani kali m'mwamba chifukwa maso awo akukulabe, ndipo aakulu azipumira. Kuyambira pamenepo tiana tosayamba sukulu tinkathamangitsidwa pakhonde. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, ife tonse tikumva.

"Ndikangomva kuti mwana wa munthu wavulala maso, kameneka ndikakaponya m'chimbudzi. Wamva?"

"Ndamva, adadi."

Pasanapite nthawi, kusukulu kunabwera azaumoyo ochokera kuboma kudzayeza maso. Anapachika chipepala cha zilembo pakhoma la kalasi, zazikulu pamwamba, zazing'ono m'munsi, ndipo aliyense ankaima pamzere wojambula ndi choko. Nditaphimba diso lamanzere ndi chikhatho ndinawerenga mpaka pansi. Nditaphimba lamanja, zilembo zinasungunuka, ngati ndikuziyang'ana kudzera m'botolo la mafuta. Ndinangotchula chachikulu chapamwamba. Zimadabwitsa kunena, koma m'moyo wanga wonse ndinali ndisanatsekepo diso lamanja n'kuyang'anitsitsa chinthu ndi linzakelo. Panalibe chifukwa chochitira zimenezo.

Woyezayo anandiwalitsa katochi m'maso, n'kundiuza kuti ndipite. Ndinachedwa pakhomo ndikukonza silipasi imene inali itazuka, ndipo ndinamva akuuza mnzake motsitsa mawu: "Diso ili ndi laulesi kuyambira kalekale. Akanabwera naye ali wamng'ono, tikanamata labwinolo kuti linzakeli liphunzire ntchito. Pa msinkhu uwu magalasi angothandiza pang'ono." Kwa aphunzitsi anangopereka maina a ana oyenera kukaonedwa kuchipatala cha kuboma, langa lili pomwepo.

Nkhani inafika kwa agogo ine ndisanafike. Ndinawapeza atakhala pabenchi, chigubu chili chotseka, wogula ataima iwo osamuona.

"Ndi kachinthu kaja," anatero. Silinali funso.

Ndinadziwa kuti si kachinthu kaja. Kanali kasanandipweteke mutu, ndipo nsomba zake zinali zisananditulukirepo ngakhale tsiku limene kanafika. Kanalipeza diso langa lili kale chomwecho. Koma ndikanena zimenezi, funso lotsatira linali lodziwika: ndiye linayamba liti? Yankho lake ndinali nditalimva pakhomo la kalasi, ndipo linkaloza zaka zimene agogo ankanena kuti ndikangoyetsemula adziwa kale. Ndikakhala chete, mlandu unali wa kagemu ndi wa nyumba ya aphunzitsi, kumene ndinkalembera ntchito ya kusukulu pa getsi la dzuwa ndi kubwereka mabuku. Ndikayankhula, mlanduwo agogo akanautenga n'kudzisenzetsa okha. Chakudya cha madzulo ndinadya ndili duu, ndipo popeza ndinali wa duu masiku onse, sanaone chachilendo.

M'mawa mwake linali Loweruka. Agogo anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku woyera, n'kundiuza kuti ndisambe kumaso. Tinadutsa m'minda ya fodya, iwo patsogolo, ine pambuyo.

"Monire, asambizgi," anatero agogo titafika. Umu ndi mmene ankaitanira aphunzitsi. Anapatsidwa mpando pakhonde, ndipo moni unatenga nthawi yake yonse: za mvula, za miyendo yawo, za odwala a kuchipatala. Anamwino anakhala pamkeka pambali pawo. Mnzanga anaima pakhomo, akundiyang'ana.

"Asambizgi, ine ndilibe wina," anayamba agogo. "Bambo ake anapita, mayi ake anapita. Ndamulera mwanayu ali ndi maso awiri. Ndimamulola kubwera kuno chifukwa kuno kuli mabuku. Lero akundiuza kuti diso limodzi lafa."

"Silinafe, amama," anatero anamwino mofatsa. "Tidikire kaye a kuboma akamuone bwinobwino."

"A kuboma akabweza diso?"

Aphunzitsi anali munthu wosabweza mawu ake, makamaka amene wanena pamaso pa ana. "Ndinalonjeza," anatero. "Iwe, bwera nako kuno."

Mnzanga anabwera nako atakakumbatira pachifuwa. "Adadi, uyu mutu sunamupwetekepo n'kamodzi komwe! Mufunseni! Aise, tanena, bwanji wangoti ndwii ngati kadzidzi?"

"Ndipo kuyambira lero sapondanso pano," anatero agogo, osamuyang'ana.

Aphunzitsi anatambasula dzanja. Chimbudzi chinali kuseri kwa khitchini, chitseko chake chamalata chikuoneka pamene tinakhala. Ndinamva mawu anga akutuluka ndisanamalize kuganiza.

"Agogo, taonani kaye chithunzi chanu chija."

"Ine zoseweretsa za ana?"

"Taonani, amama," anatero aphunzitsi, mwina pofuna kupeza mpata wopumira. "Mudziwe chimene tikutaya."

Tcha. Mnzanga anafufuza chithunzicho akufwenthera, n'kuwagwiritsa agogo. Iwo anakagwira patali ngati mbale yotentha, ndipo iye anawasendezera manja mpaka kanalunjika pamphuno pawo. Kenako anakankhira kabatani kaja m'mwamba.

Agogo anabweza mutu mwadzidzidzi mpaka duku kugunda khoma.

"Mama we! Dzanja! Dzanja langa latuluka!" Anaseka asakufuna, kuseka kwa munthu amene wadzidzimuka. "Botolo ili ndingalitenge ine. Taonani, asambizgi, likulendewera panja!"

"Tsekani diso limodzi, agogo," ndinatero.

Anandiyang'ana, kenako anaphimba diso ndi chikhatho. Kuseka kunatha.

"Labwerera mkati."

"Ine ndimaona choncho. Kuyambira tsiku limene kanabwera. Sikanandiwononge. Kanandipeza ndili kale chomwechi."

"Nanga nsomba zija?" anafunsa mnzanga, kulira ataiwala. "Unkati waona!"

"Ndinkaona nsomba. Sizinkatuluka."

Agogo anachotsa chikhatho, n'kubwezeranso, n'kuchotsanso. Kenako anatembenukira kwa anamwino. "Akunena zoona mwanayu?"

Anamwino anafotokoza pang'onopang'ono kuti galasilo limatumiza zithunzi ziwiri nthawi imodzi, china ku diso lamanja, china ku lamanzere, ndipo mutu ndi umene umaziphatikiza kuti chinthu chioneke chapafupi kapena chapatali. Diso limodzi likakhala kuti silitenga bwino chithunzi chake, palibe chimene chimatuluka. "Ngati sanazionepo zikutuluka kuyambira pachiyambi, ndiye kuti vutoli ndi lakale, amama."

"Lakale liti?"

"Ena amayamba nalo ali makanda. Kunja silioneka. Diso limakhala loyera bwinobwino, mwana akusewera ngati anzake."

"Likanachizika?"

Anamwino anayang'ana amuna awo, kenako ine. Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake.

"Ali wamng'ono, mwina," anatero.

Agogo anayang'ana kagemu kamene kanali pamiyendo pawo. Kenako anakapinda okha mosamala, n'kukapereka kwa mnzanga. "Pukuta mamina, tenga chinthu chako." Anaimirira, n'kukonza chitenje. "Yewo chomene, asambizgi. Pepani takulawirirani ndi nkhani yopanda mutu."

Pobwerera anayenda patsogolo monga popita, koma amene tinkakumana nawo ankangowayankha moni mwachidule, osaima.

Kuboma tinapita pa pikapu mlungu wotsatira. Adokotala ananena zomwezo zimene ndinamva pakhomo la kalasi, ndipo anandilembera magalasi amene anathandizadi pang'ono chabe. Kunyumba kwa aphunzitsi ndinapitiriza kupita. Agogo sanatchulenso zoletsa zija. Koma nkhani ya abambo aang'ono a ku Mzuzu inaleka kumveka pabenchi. Wogula akati, "Mzukulu wanu wakula bwino," iwo ankangoti, "Ndi Mulungu," n'kumupatsa tomato wake. Mafuta anayamba kuthira okha m'mawa uliwonse, ine ndisanadzuke. Sankandikalipiranso pa chilichonse, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa kukalipira kuja. Ndinkaona ngati ndapulumutsa kagemu n'kuwalanda agogo chinthu chokhacho chimene anali nacho.

Lero ndine mphunzitsi pa sukulu ina cha ku Katowo. Zimene magalasi otulutsa zithunzi amachita pa maso a ana aang'ono sindizidziwa zonse. Mutu umene unkapweteka anzanga unali weniweni, ndipo chenjezo la pakapepala paja silinalembedwe pachabe. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine kagalasi kaja sikanandichotsere kanthu, kanangondionetsa chimene ndinalibe. Mtunda ndinaphunzira kuuyeza m'njira zina: kukula kwa chinthu, mthunzi wake, kupendeketsa mutu pang'ono. Njinga ndimapalasa. Chaka chikamayamba ndimapempha mphunzitsi wa Sitandade 1 kuti andibwereke ana ake, ndipo ndimawauza kuti aphimbe diso ili, kenako ilo, akuyang'ana pabolodi. Iwo amayesa ndi masewera.

Koma ndibwerere kwa agogo. Tsiku lina tinaweruka msanga chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Pabenchi sindinawapeze. Nditazungulira kuseri kwa nyumba ndinawaona ataima pafupi ndi nkhokwe, chigubu m'manja, kabotolo kali pa mtondo wovundikira. Duku anali atamutsitsa mbali imodzi, kuphimba diso lamanja. Anapendeketsa chigubu monga ankachitira masiku onse. Ulusi wa mafuta unatsika, n'kugwera kutsogolo kwa kamwa la botolo, kuyenderera pa mtondo. Anaima, n'kusendeza dzanja, n'kuyesanso. Ulendo uno unagwera kumbuyo. Anaika chigubu pansi n'kukhala akuyang'ana chala chawo chonyezimira ndi mafuta, osachipukuta.

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka kumsewu, n'kudzalowanso ndikukankha chitini ndi phazi kuti andimve. Nditafika, duku anali m'malo mwake, ndipo anandifunsa ngati ndili ndi njala.

M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza timabotolo tili pamzere pakhonde, topanda kanthu, chigubu chili pambali pake ndi mbale yapansi ija. Ndinaima ndikuyang'ana, osadziwa ngati ndigwire kapena ayi. Agogo anatuluka m'khitchini khasu lili paphewa. M'dzanja lina ananyamula khosi la botolo lapulasitiki, lodulidwa bwino ndi mpeni, m'mphepete mwake mwapalidwa pamwala kuti musacheke zala. Linali lotsukidwa, madontho a madzi adakali mkati.

"Liume kaye," anatero. "Ukatero udzaze awa. Otsalira m'mbalimo usade nawo nkhawa, tipakira chiwaya."

Anandipatsira m'manja, n'kutsika pakhonde kulowera kumunda.